Kodi Gucci ndi Dior anali anthu enieni? Ndikuyankha telala wa ku Zomba

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mchemwali wina wa ku Zomba, dzina ndasunga poti sanandiuze kuti ndilitchule. Akuti akuphunzira zosoka, chaka chachiwiri tsopano, nde tsiku lina pa kaunjika atangotsegula belo anatola kachikwama kolembedwa Gucci, mtengo wake ngati wa tomato. Mnzawo wina akuti ndi feki, wina akuti ayi ndi orijino, azungu amataya zinthu. Funso lawo ndi ili: "Kodi ma Gucci, Dior, Chanel, Louis Vuitton amenewa anali anthu enieni kapena ndi mayina ongopeka a makampani? Nanga zimatheka bwanji chikwama chimodzi kudula kuposa galimoto? Ine ngati telala pali chomwe ndingatolepo?"

Achemwali zikomo polemba, komanso pepani ndachedwa kuyankha, funso lanuli silinali la mizere iwiri. Ndiyambe ndi lophwekalo. Eya, anali anthu enieni, odwala mutu ngati ife tomwe, ndipo ambiri mwa iwo sanabadwire m'ndalama ayi, anali anthu a ntchito zamanja ngati inuyo. Wina wokhoma mabokosi, wina wosoka zingwe za mahatchi, wina wonyamula masutikesi pa hotela, wina mwana wamasiye woleredwa ndi masisitere. Koma chomwe ndikufuna muzichiyang'ana mukamawerenga n'chakuti pafupifupi onsewa dzina linawapulumuka m'manja, lero likudyetsa anthu ena.

Munthu woyamba amene simunamutchule koma ndi amene akukukhudzani kwambiri ndi Charles Frederick Worth. Ameneyu anali Mngelezi, anapita ku Paris ali mnyamata kukagulitsa nsalu m'sitolo, kenako mu 1858 anatsegula pake. Nthawi imeneyo telala anali ngati mmene timamuonera kunoku pakhonde la sitolo, mayi wolemera amabwera ndi nsalu yake n'kulamula kuti apa upinde chonchi, apa uwonjezere, telala n'kungoti chabwino madamu. Worth anazitembenuza. Iye ndi amene ankaganiza kaye madiresi, n'kuwasoka, n'kuveka akazi enieni kuti aziyenda nawo makasitomala akuonerera (woyamba kumuvalira anali mkazi wake yemwe, Marie), kasitomala n'kusankha pa zomwe mwini wake wapanga. Atayamba kusokera Eugénie, mkazi wa mfumu ya France, basi aliyense wandalama ankafuna za Worth. Ndipo chachikulu anachita ndi kanthu kakang'ono kwabasi: anayamba kusokerera kansalu kolembedwa dzina lake mkati mwa chovala. Lebulo imene mumaiona kukhosi kwa malaya ija. Bizinesi yonse ya mabiliyoni tikukambayi yakhala pa kansalu kameneko.

Louis Vuitton yekha nkhani yake imandikumbutsa anyamata akwathu opita ku Joni. Anabadwa mu 1821 kumudzi wina kum'mawa kwa France, mayi ake anamwalira ali mwana, ndipo ali ndi zaka ngati 14 anangonyamuka wapansi ulendo wa ku Paris, makilomita oposa 400, akumaima m'njira kugwira maganyu, moti anafika mu 1837. Ntchito anapeza inali yokhoma mabokosi ndi kulongedzamo zovala za anthu olemera akamapita pa ulendo, inalitu ntchito yapayokha imeneyo chifukwa madiresi a nthawi ija anali ngati matenti. Mu 1854 anatsegula shopu yake. Mathiranki a nthawi imeneyo anali ndi chivundikiro chozungulira kuti mvula izitsetsereka, nde sankasanjikizika. Iye anapanga afulati pamwamba, okutidwa ndi chinsalu chosalowa madzi, osavuta kusanja m'sitima, ndipo nthawi yake inali yomwe njanji ndi sitima zapamadzi zimachuluka. Basi anthu anamukhamukira.

Tsono tamverani ichi. Zilembo za LV ndi timaluwa tija, zomwe lero zadzaza m'misika yathu pa malamba, zipewa ngakhale masilipasi, Louis mwini wake sanazione. Anamwalira mu 1892. Anazijambula ndi mwana wake Georges mu 1896, ndipo chifukwa chake chinali chakuti anthu ankakopera mathiranki awo, nde amafuna chizindikiro chovuta kubera. Chizindikiro choletsa feki ndi chomwe chinadzakhala chobedwa kwambiri padziko, ine zimandiseketsa mpaka lero. Komanso kampaniyi kwa zaka zoposa 140 sinkasoka zovala, inali ya katundu wa paulendo basi, zovala inayamba ataitana Marc Jacobs wa ku America mu 1997.

Hermès ndiidutsa mwachangu. Thierry Hermès, 1837, Paris, ankasoka zingwe ndi zomangira mahatchi, ana ake n'kuwonjezera zishalo. Magalimoto atabwera mahatchi n'kuchepa, banjalo linatenga kasokedwe komweko ka zishalo, singano ziwiri pa ulusi umodzi zikudutsana pa bowo limodzi, n'kukaika pa zikwama. Ndibwereranso kwa amenewa chifukwa ndi okhawo anakanirira dzina lawo zenizeni.

Pa Chanel pokha ndikhalitsapo pang'ono, poti ndi mzimayi komanso poti nkhani yake anthu amaikometsa mopitirira. Gabrielle Chanel anabadwa mu 1883 m'banja losauka, bambo ake ankayenda m'misika kugulitsa tizovala. Mayi atamwalira bambo aja anakasiya ana aakazi kwa masisitere n'kusowa, ndipo kusoka anaphunzirira kumeneko. Atakula ankasoka masana, usiku n'kumaimba m'malo omwera, dzina loti Coco linachokera nthawi imeneyo. Mpamba woyambira shopu ya zipewa pa msewu wa rue Cambon ku Paris mu 1910 unachokera kwa chibwenzi chake, Mngelezi wina wolemera dzina lake Arthur Capel, zimenezi tisabise.

Koma luso analinalo, shuwa. Azimayi nthawi ija ankadzimanga m'chiuno ndi zothina mpaka kupuma movutikira, zipewa zodzaza nthenga ngati nkhuku yakhala pamutu. Iye anatenga nsalu yofewa yotchipa yotchedwa jersey, yomwe inkapangidwa zovala zamkati za azibambo, n'kusoka zovala zoti munthu azitha kukweza mkono, kukwera galimoto, kugwira ntchito. Mu 1926 kadiresi kakuda kosachuluka zokongoletsa kanatuluka mu magazini ya Vogue, pomwe chakuda kale chinali cha namfedwa ndi antchito a m'nyumba. Lero mtsikana aliyense wa mu ofesi ku Lilongwe ali nako kadiresi kakuda, osadziwa n'komwe kuti kanachokera kuti. Ngakhale kachikwama kokhala ndi tcheni kokoleka paphewa kuti manja akhale omasuka, kake kotchuka kanatuluka mu February 1955, n'chifukwa chake amakatchula 2.55.

Ndalama zenizeni komabe sizinali pa madiresi, zinali mu botolo. Perefyumu ya No. 5 inatuluka mu 1921, anasakaniza ndi katswiri wina dzina lake Ernest Beaux. Kuti ipangidwe yambiri n'kugulitsidwa mayiko onse pankafunika fakitale, nde mu 1924 Chanel anasainirana ndi abale awiri a banja la Wertheimer. Tamvani kagawidwe kake: a Wertheimer 70 peresenti, amene anawalumikizitsa 20 peresenti, mwini dzina 10 peresenti. Anakhala zaka zambiri akulimbana nawo kudzera kwa maloya, akudandaula kuti anamudyera masuku pamutu. Ndipo apa ndi pomwe pali mbali yonyansa. Nkhondo yachiwiri itangoyamba mu 1939 iye anatseka nyumba yosokera, antchito n'kuchotsedwa, ndipo Ajeremani atalanda Paris ankakhala ku hotela ya Ritz ndi chibwenzi chake Hans Günther von Dincklage, mkulu wa Ajeremani. A Wertheimer anali Ayuda, anathawira ku America, ndipo Chanel anayesa kugwiritsa ntchito malamulo a chipani cha Nazi olanda katundu wa Ayuda kuti atenge kampani ya perefyumu ija. Anapeza anzakewo anachenjera kale, anali atailembetsa m'dzina la mnzawo wina, Félix Amiot, amene anawabwezera nkhondo itatha. Chanel anakakhala ku Switzerland zaka zingapo, n'kudzabwerera mu 1954 ali ndi zaka zoposa 70, ndipo mukudziwa anamulipirira zobwererazo ndani? Pierre Wertheimer yemweyo, koma posinthana ndi kutenga bizinesi yonse. Mayiyo anamwalira mu 1971 wopanda mwana, kampani inafooka mpaka Karl Lagerfeld anadzaidzutsa kuyambira 1983. Mpaka lero eni ake a Chanel ndi adzukulu a Wertheimer. Ine ndimasirira lumo lake mayiyu, koma mtima wake ayi.

Christian Dior ndi amene anabadwira pabwino, bambo ake anali ndi fakitale ya feteleza, kungoti chuma chinagwa chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930 mpaka iye kumagulitsa zojambula za madiresi kuti adye. Nyumba yake yosokera anatsegula ali ndi zaka 41, ndi ndalama za Marcel Boussac, mkulu wa mafakitale a nsalu za thonje. Pa 12 February 1947 anaonetsa zovala zake zoyamba. Kumbukirani kuti nkhondo inali itangotha, nsalu zinali za mulingo, azimayi anazolowera timasiketi tifupitifupi towuma ngati yunifolomu. Iye anabwera ndi mapewa ofewa, chiuno chothina ngati mavu, siketi yaitali yotambalala, ena mwa masiketiwo ankadya nsalu yoposa mamita 10, inu monga telala werengerani, zitenje zisanu pa siketi imodzi. Mkonzi wa magazini ina ya ku America, Carmel Snow, ndi amene anapereka dzina loti New Look. Ena anakwiya, ku America azimayi mpaka ananyamula zikwangwani kukana masiketi aataliwo. Ine ndimangoti, amene anaika ndalama anali wogulitsa nsalu, nde fashoni yodya nsalu yambiri inamuipira pati? Diresi la chitenje lothina m'chiuno lotambalala m'munsi lomwe mumasokera anthu a chinkhoswe lija, msuweni wake ndi ameneyu.

Dior anangolamulira zaka khumi, anamwalira mwadzidzidzi mu 1957 ali ku Italy. Tangoganizani, dzina lakhala likugulitsa zaka zoposa 60 mwini wake ali m'manda. Anamulowa m'malo ndi kamnyamata ka zaka 21, Yves Saint Laurent, wobadwira ku Oran m'dziko la Algeria. Atamuitana ku usilikali mu 1960 anadwala, ku Dior n'kumuchotsa, iye n'kuwasumira, n'kuwina, n'kuyamba yake ndi Pierre Bergé. Mu 1966 anachita ziwiri zomwe tikudya mpaka pano: suti ya thalauzi ya azimayi yovala kumadyerero, komanso sitolo ya zovala zosokeratu zoti munthu angolowa n'kugula saizi yake osayezedwa. Ndikamaganiza zimenezi ndimakumbuka kuti kwathu kuno kuyambira 1973 lamulo linkaletsa mzimayi kuvala thalauzi kapena siketi yoonetsa mawondo mpaka nthawi ya matipate, nde amayi athu fashoni imeneyo anangoimvera m'magazini.

Tsono tifike pa mwini kachikwama kanu. Guccio Gucci anali wa ku Florence ku Italy, ali mnyamata anakagwira ntchito ku hotela ya Savoy ku London, kunyamula katundu wa alendo. Ena akanangolandira tipu n'kuiwala, iye ankayang'anitsitsa masutikesi a anthu olemera aja, zikopa zake, maloko ake, misoko yake. Mu 1921 anatsegula sitolo ya zachikopa kwawo. Nkhondo itatha zipangizo zinkasowa, nde mu 1947 anayamba kupinda nsungwi pamoto kuti zikhale zogwirira zikwama, ndipo chikwama cha nsungwi chija chinatchuka mpaka lero akupangabe. Nsungwi, achemwali, zomwe timalukira malichero.

Amati chibale ndi fupa sichiola, koma kwa a Gucci chinaola mpaka kununkha. Guccio atamwalira mu 1953 ana ake anakulitsa bizinesi, makamaka Aldo amene anaipititsa ku New York, koma adzukulu atakula kunali kusumirana kokhakokha. Paolo anakaneneza bambo ake omubereka Aldo za misonkho ku America, mkuluyo n'kulowa ndende ali ndi zaka zoposa 80. Dzina lija analimata pa chilichonse, makiyi, makapu, zinthu masauzande, mpaka linatchipa. Maurizio, mdzukulu wina, anakankha abale ake onse n'kutsala yekha, koma bizinesi inamukanika ndipo mu 1993 anagulitsa gawo lake ku kampani ya Investcorp ya ku Bahrain. Kuyambira pamenepo palibenso wa banja la Gucci amene ali ndi Gucci. Pa 27 March 1995 Maurizio anawomberedwa pakhomo la ofesi yake ku Milan, ndipo khothi linapeza kuti anatuma achiwembuwo ndi mkazi wake wakale, Patrizia Reggiani, anamugamula zaka 29. Amene anadzutsa Gucci anali mlendo, Tom Ford wa ku Texas, kuyambira 1994, ndipo lero ili m'manja mwa gulu la Kering la banja la Pinault ku France.

Nde mwina mwayamba kuona komwe nkhaniyi ikulowera. Eni mayinawa lero si matelala, ndi anthu a masheya. Wamkulu wawo ndi Bernard Arnault, amene sanagwirepo singano, kwawo bizinesi inali ya zomangamanga. Mu 1984 anagula kampani ya Boussac ija itagwa, n'kugulitsa zambiri za m'menemo, n'kusunga Dior, poti anaona kuti chuma chinali m'zilembo zinayi zija osati m'mafakitale. Mu 1987 Louis Vuitton inaphatikizana ndi kampani ya mowa ya Moët Hennessy kupanga LVMH, akuluakulu a mbali ziwirizo n'kuyamba kukangana, wina n'kuitana Arnault kuti amuthandize, mapeto ake Arnault anatulutsa onse n'kukhala pampando. Lero gululi lili ndi mayina oposa 70, Dior, Vuitton, Fendi, Givenchy, Celine, Tiffany ndi ena, ndipo mu 2023 linagulitsa katundu wa ma euro 86 biliyoni, kuposa kangapo zomwe dziko lonse la Malawi limapanga pa chaka. Nde mukaona mtsikana wa Dior akunyoza mnzake wa Vuitton, ndalama zawo zikulowa m'thumba limodzi.

A Hermès okha ndi amene anamukaniza. Mu 2010 anangodzidzimuka kuti LVMH yakhala ikugula masheya awo mwakachetechete mpaka kufika 17 peresenti. Abale oposa 50 anakhala pansi, n'kumanga masheya awo mtolo umodzi, n'kugwirizana kuti kwa zaka 20 palibe wogulitsa kunja. Arnault anabwerera. Yerekezani ndi a Gucci.

Madizaina a masiku ano ndi aganyu, olipidwa bwino inde koma aganyu, amalembedwa n'kuchotsedwa ngati makochi a mpira. John Galliano atachotsedwa ku Dior mu 2011 chifukwa cha mawu onyoza Ayuda omwe analankhula ataledzera, anachotsedwanso ku kampani yotchedwa John Galliano, poti masheya ambiri sanali ake. Munthu kuletsedwa kugulitsa zovala m'dzina lomwe anakupatsa mayi ako.

Pa funso la mtengo. Mbali ina ndi ntchito yeniyeni, tisanamizane. Pali zomwe amati haute couture, mawu otetezedwa ndi lamulo ku France, si aliyense angadzitchule choncho, umafunika kukhala ndi malo osokera ku Paris, antchito okhazikika, n'kumaonetsa zovala kawiri pachaka. Diresi lotero amasoka pamanja, pa thupi la munthu mmodzi, kuyeza kangapo, ena amatenga maola mahandiredi. Chikwama cha Birkin cha Hermès amasoka munthu mmodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, maola oposa 15. Koma ogula madiresi amenewo padziko lonse ndi ochepa kwambiri, ndipo ziwonetsero zija kwenikweni ndi zoitanira malonda. Phindu lili pa perefyumu, lipisitiki, magalasi, malamba, zikwama, tinthu toti munthu wa salale wamba akadzimana atha kugula kuti naye akhudzeko dzinalo.

Mbali inayo ndi kusoweka kochita kupanga. Birkin sungangolowa m'sitolo n'kuloza, olo ndalama uli nazo, amayamba akuona kaye ngati ndiwe kasitomala wawo. Chikwama choyambirira chomwe anapangira Jane Birkin mwini wake, woimba ndi wochita mafilimu, chinagulitsidwa pa okushoni ku Paris mu July 2025 pa ma euro 8.6 miliyoni, chakutha, chothimbirira. Burberry ya ku Britain inaulula mu 2018 kuti m'chaka chimodzi inawotcha katundu wosagulidwa wa mapaundi 28.6 miliyoni, kuopa kuti akatsitsa mtengo dzina litchipa, anthu atakalipa ndi pomwe inati yasiya. Ndipo mu 2024 khothi la ku Milan litafufuza timafakitale tina tomwe tinkasokera Dior, zinapezeka kuti chikwama chomwe m'sitolo chinali ma euro 2,600 wosokayo ankalipidwa ma euro 53, antchito ake ochokera kunja akugona momwemo m'fakitale. Ma euro 53 aja sakuphatikiza chikopa, chabwino, komabe mpata wotsalawo ndi lendi ya sitolo za magalasi, otsatsa malonda, anthu otchuka ovala zaulere, ndi phindu. Nde mukamva kuti orijino, musamaganize kuti nthawi zonse kuli gogo wachizungu wa magalasi akusoka mwachikondi.

Nkhani ya feki nayonso si yoongoka ngati mmene mnzanuyo akuiyankhulira. Ku Harlem ku New York kunali telala wakuda, Dapper Dan, amene kuyambira 1982 ankadinda yekha zilembo za Gucci, Vuitton ndi Fendi pa zikopa n'kusoka majekete a masitayilo omwe makampaniwo sankawalota n'komwe, ovala ake anali oimba rap, ankhonya ngati Mike Tyson, anthu omwe m'masitolo a azungu aja ankawayang'ana ngati akuba. Maloya anamutsekera shopu mu 1992. Patapita zaka 25, mu 2017, Gucci inaonetsa jekete ya manja otukumuka yofanana ndendende ndi yomwe Dan anasokera wothamanga Diane Dixon m'ma 1980. Anthu pa intaneti anaika zithunzi ziwirizo pamodzi, kunali phokoso, mapeto ake Gucci inamutsegulira malo osokera ku Harlem konko ndi nsalu zawo zenizeni. Wakubayo anali ndani pamenepa, ndikusiyirani.

Ifenso a ku Africa kuno atitengera zambiri. Zikwama za pulasitiki za mizeremizere zija timalongedzamo katundu pokwera basi ya ku Joni, Louis Vuitton inatulutsa zofanana nazo mu 2007, zachikopa, mtengo wake osanena. Inatulutsanso zovala zotengera nsalu zofiira za Amasai, kenako zotengera mabulangete a Abasotho. Pang'onopang'ono zikusintha, mwina chifukwa cha manyazi mwina chifukwa aona msika. Dior pa chiwonetsero chake cha ku Marrakech mu 2019 inadinditsa nsalu zangati zitenje zathuzi ku fakitale ya Uniwax ku Abidjan, Chanel inakachitira chiwonetsero ku Dakar mu December 2022. Virgil Abloh, mwana wa makolo a ku Ghana amene anaphunzira kusoka kwa mayi ake, anatsogolera zovala za amuna ku Louis Vuitton kuyambira 2018 mpaka pomwe anamwalira mu 2021. Koma amene ndimafuna muwayang'ane kwambiri ndi omwe akumanga mayina awoawo: Thebe Magugu wa ku Kimberley ku South Africa amene anawina mphoto ya LVMH mu 2019, woyamba wa mu Africa, Laduma Ngxokolo ndi majuzi ake a MaXhosa, komanso Imane Ayissi wa ku Cameroon amene mu 2020 analowa pa ndandanda wa haute couture ku Paris akugwiritsa ntchito nsalu zolukidwa ku Africa konkuno.

Mwafunsa chomwe mungatolepo. Ine si telala, ndingonena zomwe ndikuona. Aliyense mwa anthu aja anatchuka ndi chinthu chimodzi chomwe chinathetsa vuto la munthu, thiranki yosanjikizika, diresi lopumira, chogwirira cha nsungwi pomwe zipangizo zasowa, osati kusoka chilichonse chomwe kasitomala waonetsa pa foni. Matelala athu ambiri luso alinalo koma ntchito yawo yonse ndi kukopera chithunzi cha pa WhatsApp, nde chovala chikatuluka palibe angadziwe kuti chasokedwa ndi uje. Pezani kanu, kaya ndi kadulidwe ka mkono, kaya ndi matumba a m'madiresi (azimayi akulira matumba, ndikuuzani), kaya ndi kumaliza mkati mwaukhondo moti munthu atha kuvala chotembenuza. Sokererani dzina lanu mkati, olo kansalu kodinditsa motchipa. Zikayamba kuyenda kalembetseni dzinalo ku ofesi ya boma yoona za zizindikiro za malonda, m'dzina lanu, osati la amuna anu kapena la amalume amene akugulirani mashini. Ndipo tsiku lomwe munthu adzabwere ndi mpamba kuti tipange limodzi, musadzasaine pepala tsiku lomwelo, kaliwerengetseni kaye kwa wodziwa malamulo, 10 peresenti ya Chanel ija inasainidwa ndi munthu wochenjera kuposa ine ndi inu. Chinanso, diresi la ukwati wa Loweruka lizituluka Lachinayi, osati mkwatibwi ali ku saluni inu mukuthamangitsa mashini.

Za kachikwama kanu, popanda kukagwira sindingagamule, ndipo zoona m'mabelo nthawi zina mumapezeka zenizeni, wina ku Ulaya agogo ake amwalira n'kungotaya zonse m'bokosi la zopereka. Koma mabelo omwewo amabweranso ndi mafeki omwe azungu anagula ali pa holide. Tsegulani mkati muone kachikopa kolembedwa Gucci ndi made in italy, mukakatembenuza kumbuyo kwake kumakhala manambala m'mizere iwiri, odindidwa bwino osapindika. Zitsulo zake zimalemera ndipo sizisupuka utoto, zipi imayenda osakodwa. Kungoti akuba a masiku ano manambalawo amakoperanso, nde chomwe ndingadalire kwambiri ndi diso lanu la utelala. Werengani misoko pa inchi imodzi mbali iyi ndi mbali inayo muone ngati ikufanana, onani m'makona momwe ulusi wakhotera, onani ngati zilembo za GG zikukumana bwino pomwe nsalu ziwiri zalumikizana, nunkhizani ngati ndi chikopa kapena guluu. Mukapeza kuti ndi feki musataye, tengani kalumo mukasule msoko ndi msoko, muyale zidutswazo pa pepala mujambule patani yake, ndalama munaperekazo zikhala za sukulu. Mukapeza kuti ndi kenikeni, chonde musakachape ndi sopo wa ufa, ndipo munditumizire chithunzi cha mkati mwake ndione nawo.